Abiti Ndekha ndi foni yanga

Mufoni mwangamu muli zithunzi zoposa 2,000 ndipo ndikachotsapo masikirinishoti a mitengo ya mabelo ndi timapepala ta anthu angongole, zotsalazo pafupifupi zonse ndi za munthu mmodzi, wamfupi, wamakani, yemwe akwanitse zaka zitatu mu Ogasiti akubwerayu. Dzina lake lenileni sindilemba pano, kunyumba timangomuti Abiti Ndekha. Dzinali anapereka ndi anganga ake. Inu akutali mwina simudziwa, kuno kwathu kwa Ayao abiti ndi kunena kuti mwana wamkazi wa auje ndiye kutsogoloko kumayenera kubwera dzina la bambo, koma poti mwana ameneyu chilichonse ndi ndekha ndekha, kuvala ndekha, kudya ndekha, kutsegula chitseko chomwe sachifikira n'komwe ndekha, amayi tsiku lina anangoti basi ife tinalakwitsa, bambo ake a mwana uyu ndi a Ndekha. Bambo ake enieniwo atamva ku Joni kuja anaseka ndithu koma kuseka kwake kunali kwa pakamwa pokha, ndinakumva pa voisi noti.

Iwowo ananyamuka mu Malichi 2023, masiku omwe aja namondwe wa Freddy atangosakaza kummwera kuno, mwana ali ndi miyezi 7 atangoyamba kumene kukhala pansi osagwera chammbali. Kuno ku Mangochi za ku Joni si nkhani ayi, nyumba ndi nyumba mupeza kuti bambo kapena mnyamata wapakhomopo ali ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town, ndipo basi yake ndi ya masiku awiri kudzera ku Mwanza, Tete, Harare mpaka Beitbridge ndiye si ulendo woti munthu n'kumabwera mwezi ndi mwezi kudzaona mwana. Potsanzikana anandipempha chinthu chimodzi, anati mayi ake mwana chonde tsiku lisamadutse osanditumizira chithunzi, ndisadzabwere n'kupeza mlendo m'nyumba mwanga momwe. Ndinavomera msangamsanga osadziwa kuti ndadzilemba ntchito ina yopanda malipiro.

Miyezi yoyambirira ndinkachita zomwe tonse timachita. Kumusambitsa, kumudzoza mafuta mpaka chipumi waliwali, kadiresi kabwino kochokera m'belo lomwe ndisanagulitse, kumukhazika pampando wa pabalaza kenako kumayimba zala, seka, taseka mama, ona kuno ona kuno. Akangoti mano awiri aja ng'aa ine tsaa, kutumiza. Tsiku lina usiku tulo titasowa ndinayamba kubwerera mmbuyo m'galare muja ndipo ndinaona kuti ndajambula chithunzi chimodzi chomwecho maulendo pafupifupi 100, chikusintha ndi diresi basi. Mpando womwewo, katani yemweyo, mwana kuyang'ana zala zanga ndi nkhope yodabwa. Moti munthu woona zithunzi zimenezo akanaganiza kuti mwanayu ntchito yake ndi kukhala pampando.

Koma sindidziimba mlandu kwambiri chifukwa tinakula choncho. Nthawi yathu chithunzi chinali chinthu cha ndalama komanso chodikira. Wojambula ankabwera panjinga kamera ili pakhosi, filimu yake yolowa zithunzi 36 ndiye ngati inu mwajambulidwa koyambirira muzidikira mpaka apeze makasitomala ena odzaza filimuyo, kenako akatsukitse ku Blantyre, masabata kumatha, ndipo pena ankabwera n'kukuuzani kuti pepani chanu chija chinapsa. Ndani akanataya ndalama kujambulitsa mwana ali mbuu ndi fumbi? Ine chithunzi changa cha ubwana ndi chimodzi chokha. Ndili ndi zaka ngati zinayi, tsiku la Idi, ndaima pansanja ya wotchi ija ya pafupi ndi buliji, ya nthawi ya atsamunda tauni ino ikutchedwa Fort Johnston, chakumbuyo kukuoneka kampheto ka mfuti yaikulu ija ya sitima ya Guendolen. Nsapato zobwereka, manja ndawongola ngati msilikali, nkhope ndwii. Ndadzadziwa nditakula kuti pamalo pomwepo pali chikumbutso cha anthu 145 omwe anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946, nthawi imeneyo kwa ife anali malo ojambulitsira basi. Amayi amachisunga musutikesi pamodzi ndi zitupa. Ndimachikonda koma sichindiuza kanthu za kamtsikana kameneko, kankaseweretsa chiyani, kankadya ndi dzanja liti, kankaopa chiyani. Ndinawafunsapo amayi kuti kodi ndinayamba kuyenda liti, anaganiza kanthawi n'kunena kuti nthawi ya mango. Chaka chake osafunsa kkkk.

Zinthu zinasintha mu Novembala 2023 ndipo sikuti ndinachita kukonza. Kunali kotentha kwa kuno kuja koti ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa, tili pakhonde pamkeka ndikumudyetsa nsima ya usipa. Ine podyetsa mwana ndinali wachangu, mbamu pakamwa, meza, ina, chifukwa mutu uli kumsika komwe ndasiyira mnzanga benchi. Ndiye bambo ake analemba kuti lero simunatumize, ine n'kupukuta dzanja pachitenje kutenga foni kuti ndingomujambula pomwepo zithe. Ndikulimbana ndi pasiwedi, kamera ikuchedwa kutseguka monga mwa nthawi zonse, poti ndidzutse maso ndinaona kadzanja kali kale m'mbale. Mwachizolowezi ndikanachotsa mbaleyo, koma manja onse awiri anali pafoni. Ndiye ndinangoyang'ana pasikirini. Anatema kansima kochepa ngati nyemba, anakayang'anitsitsa, anayesa kukaumba mmene amandionera ine koma kanangophwanyikira pakati pa zala, sanalire, anatemanso kena kokulirapo, anakasunsa mumsuzi mpaka dzanja lonse kulowa, ulendo wopita kukamwa kanayamba kagunda tsaya, kenako mphuno, kachitatu kanalowa. Atameza anandiyang'ana ndi maso oti mwaona? Msuzi ukuyenderera mpaka pachigongono. Chithunzi chimenecho n'chopendekeka, chala changa chikuoneka pakona, kumbuyo kuli ndowa ndi tsache, koma bambo ake anayimba foni nthawi yomweyo ali kuntchito, chinthu chomwe sanachitepo pa zithunzi 100 za pampando zija.

Usiku umenewo m'pomwe ndinazindikira kuti mwanayu mwina akanayamba kudya yekha kalekale, chomutchinga chinali manja angawa. Ine ndine munthu wopupuluma, ndikaona mwana akuvutika ndi batani manja amafika okha mutu usanaganize. Foni ndiyo inandimanga manja tsiku limenelo. Ndiye kuyambira pamenepo ndinayamba kuchita dala, ndikaona wayamba kulimbana ndi chinthu ndipo mtima wanga wayamba kuti muthandize tachedwa, ndimatenga foni, kugwada chapatali pang'ono n'kumajambula. Anthu amaona ngati ndimakonda zithunzi mopitirira muyezo. Zoona zake n'zoti ndimakhala ndikudziletsa.

Nkhani ya nsapato inatenga miyezi. Ali ndi tinsapato tapulasitiki tapinki tomwe amatikonda kuposa nsapato zabwino zonse zomwe ndamusankhira m'mabelo, ndipo kwa nthawi yaitali ankativala mosemphanitsa, yakumanja kumanzere yakumanzere kumanja, zala kuloza kunja ngati bakha. Ukati ndikukonze ndiye nkhondo, kudzigwetsa pansi, ndekhaaa mpaka aneba kusuzumira. Amayi anati musiyeni, mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imufotere yekha. Ndili ndi zithunzi za mapazi okhaokha mwina 30, tsiku ndi tsiku mosemphanitsa, kenako pali tsiku lina lomwe wakhala pasitepe wavula yekha akuziyang'ana nsapatozo ngati zamulakwira chifukwa zinamupweteka popita kumjigo, ndipo patapita masiku angapo pali china zili bwinobwino. Palibe anamuphunzitsa. Pena mpaka lero amasemphanitsabe akakhala pachangu koma amaima panjira n'kusintha yekha.

Pojambula munthu wosakhazikika ngati ameneyu ndaphunzira tizinthu tingapo, osati kusukulu ayi, kungolakwitsa kambirimbiri. Choyamba ndi dzuwa. Dzuwa la kuno kunyanja likafika pamutu limawononga chithunzi, pansi pamayera mbee nkhope ya mwana n'kuda bii maso osaoneka, makamaka likakhala kumbuyo kwake. Nthawi yabwino ndi mmawa isanakwane 8 koloko kapena madzulo kuyambira cha m'ma 4, khungu limaoneka mtundu wake weniweni. Masana ndimadikira alowe pamthunzi wa mango kapena pakhonde, kapena akhale pakhomo kuwala kukuchokera panja ine ndili chammbali. Ndimadina pankhope yake pasikirini kuti kamera idziwe kuti ndikufuna iyeyo osati khoma. Kagalasi ka kamera kaja muzipukuta abale, ife ogwira mafuta ophikira ndi sopo tsiku lonse zithunzi zathu zimaoneka ngati kuli nkhungu pomwe vuto ndi chala, nsonga ya chitenje imakwana. Fulashi ndinasiya, imamudzidzimutsa n'kusiya chomwe amachita komanso chipumi chimanyezimira ngati poto watsopano. Zumu ya mafoni athu otchipawa imangophwanya chithunzi, bola kusendera. Ndipo kaja kosalalitsa nkhope kamene kamabwera koyatsayatsa m'mafoni ambiri ndinakazimitsa nditaona kuti kakumuyeretsa mwana wanga n'kufufuta kachipsera ka pachibwano komwe anagwa pothamangitsa mbuzi, ine kachipsera kameneko ndimakafuna.

Koma chachikulu ndi kugwada. Ukajambula uli chiimire umangoona pamutu ndi kankhope koyang'ana mmwamba ngati kakupempha. Ukagwada kapena kukhala pansi penipeni umalowa m'dziko lake, tebulo limasanduka denga, tambala amafika pachifuwa, ndipo umamvetsa chifukwa chomwe sitepe imodzi ya pakhonde inali phiri. Mawondo a zitenje zanga onse ndi ofiira ndi dothi. Ndipo osamuitana. Ukangoti ona kuno basi watha, amasiya ntchito yake n'kupanga kankhope ka sefi komwe anaphunzira kwa ana a aneba, tizala tiwiri m'mwamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha, pena ndimagwada mphindi zisanu foni ili m'manja osajambula kanthu, kudikira kuti kachitini kamadzi kafike pamutu. Akamathamanga ndimangotenga vidiyo kenako n'kudzaimitsa pomwe pali bwino kupanga sikirinishoti, sichiwala kwenikweni koma bola kusiyana n'kuphonya.

Tsono musaganize kuti aliyense anasangalala ndi zithunzi zatsopanozi. Mu Disembala nthawi ya mango ndinaponya china pagulupu ya WhatsApp ya kubanja kwa bambo ake. Wakhala pansi pa mtengo wavala kabudula yekha ndi kamalaya kakale, akusenda bango ndi mano yekha, madzi ake achikasu kuyambira m'masaya mpaka pamimba, ntchentche imodzi ili paphewa, nkhope ili mwee kukondwa. Kwa ine chinali chithunzi chokongola kuposa zonse. Pagulupu panangoti zii. Madzulo bambo ake akuyimba, mawu otsika, mayi ake mwana kodi sopo watha? Ndinati bwanji. Akuti alamu anga ena awalembera kumbali kuti taonani mmene mwana akuonekera ngati wamasiye, ndalama mukutumiza pa Mukuru zija zikupita kuti. Abale zinandiwawa. Ndinalira usiku umenewo osanama, chifukwa mkazi wa munthu wa ku Joni amakhala pa sikelo nthawi zonse, ukavala bwino akuti akudya ndalama ndi zibwenzi, mwana akada pang'ono akuti sakusamala. Ndinawayankha bambo akewo kuti mwana wodya mango amaoneka choncho kulikonse padziko lapansi ndipo ngati akufuna wa pampando uja ndibwerera, koma adziwe kuti ameneyo si mwana wawo, ndi diresi. Anakhala chete kenako anati ayi zitumizani zomwezo koma kwa ine ndekha. Ndinati mwaona, a Ndekha enieni ndinu.

Ndiye mpaka pano pali magulu awiri. Lachisanu akasamba n'kuvala bwino ndimajambula chimodzi chaulemu cha pagulupu, alamu amaikapo timitima. Zenizenizo zimapita kwa bambo ake basi. Mwayi wake nthawi ya kuno ndi ya ku South Africa ndi imodzi ndiye akamapuma masana amapeza zammawa zafika, ndipo pasikirini ya foni yawo anaikapo cha mapazi a bakha chija.

Anganga ake nawo ali ndi zawo. Iwo za fumbi alibe nazo ntchito, analera ana asanu ndi awiri m'fumbi lomweli, chomwe amadana nacho ndi sitetasi ya pa WhatsApp. Amati si onse oona mwana pafoni amene amamufunira zabwino, ena amayang'ana ndi mtima wina. Ine za maso oipa sindipita nazo patali koma pamenepa ndinawamvera pa chifukwa changa. Sitetasi imafufutika pakatha maola 24 koma munthu akapanga sikirinishoti ndiye chapita, sudziwa chikafika foni ya ndani, ndipo mufoni mwanga muli manambala a makasitomala ambirimbiri oti ena sindikumbuka n'komwe nkhope zawo. Ndiye pa Facebook mwanayu palibepo. Ali maliseche sindijambula, posamba ayi, pa kapoti ayi ngakhale tsiku lomwe anapita yekha koyamba ndinasangalala ngati ndawina mpikisano, limenelo ndinangowauza bambo ake pakamwa. Adzakula mwanayu, adzakhala namwali ndi manyazi ake, sindifuna adzapeze kuti mayi ake anamuyanika. Ana a eni akalowa m'chithunzi sindichitumiza kulikonse ndisanawafunse amayi awo.

Palinso malo omwe foni imabwerera m'thumba, kumanga manja kuja kuli ndi malire ake. Pamoto ndi pamadzi. Ichi ndinachiphunzira mowawa mu Febuluwale 2024. Ndinkachapa pabwalo, tiyi ali pambaula chapatali, iye akuyesa kukwera pampando wachikumbu ine ndikujambula, mwadzidzidzi anatsika n'kulunjika kumbaula dzandidzandi dzanja lili kutsogolo kufuna chigwiriro cha ketulo. Sindikumbuka kuti ndinaponya bwanji foni, ndimangokumbuka nditamunyamula m'mwamba iye akukuwa ndekha ndekha, pocheuka foni ili pansi pa beseni thovu lili pamwamba. Ndinaiika mumpunga masiku atatu mmene amanenera anthu, sinadzuke. Mnyamata wokonza mafoni anayesa, anati bodi yapsa. Ndinati palibe vuto zithunzi zili mu memori kadi, kukaiika mufoni ina munalibe kanthu, mafayilo osatseguka, kadi yomwe ndinagula motchipa pamsika yolembedwa 32GB inali yabodza. Zomwe zinapulumuka ndi zokhazo zomwe ndinatumiza ku Joni, ndipo poti WhatsApp imafinya chithunzi kuti chichepe zinabwerako zofooka, ukazikulitsa zimangooneka timabokosi. Cha nsima chija chilipo choncho. Koma vidiyo ya tsiku lomwe anayenda koyamba, masitepe anayi kuchoka pamwendo wa anganga kukagwira mtondo, sindinatumize chifukwa inali yaikulu bandulo inali itatsala pang'ono, ndinkati ndidzatumiza mawa. Inapita ndi madzi a sopo. Bambo ake sanaione ndipo sadzaiona. Foni ina ndinagula movutika chifukwa kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya mafoni n'kukwera ngati yapenga, koma dzanja la mwana lilibe chipsera cha moto ndiye sindidandaula kwambiri, pena pokha usiku.

Pano ndinachenjera. Zomwe ndazikonda ndimatumiza ngati dokyumenti kapena kudina ka HD kaja kuti zisafinyidwe kwambiri, ndipo kamodzi pa sabata ndimagula bandulo yausiku n'kuzikweza ku Google Photos, amapereka 15GB yaulere pa akaunti ya Gmail ndiye ukamasankha zabwino zokha osati chilichonse imakwana nthawi yaitali. Pasiwedi ndinalemba kuseri kwa kabuku kena, anzanga ambiri anataya zithunzi chifukwa akaunti anawatsegulira ndi wogulitsa foni iwo osadziwa n'komwe pasiwedi yake. Ndipo miyezi ingapo iliyonse ndimasankha khumi kukatsukitsa ku situdiyo pa boma, papepala, chifukwa chija cha pansanja ya wotchi chakhala zaka pafupifupi 30 musutikesi osafuna tchaja.

Kunyanja ndiye sindiyerekeza n'komwe. Tikawoloka buliji ya Bakili Muluzi kupita kwa azakhali ku Malindi iye amafuna madzi basi, ndipo chaka cha 2024 nyanja inadzaza kwambiri mpaka kulowa m'malo momwe kale tinkayala mikeka, pomwe unkadziwa kuti m'posaya pasanduka pakuya. Kumeneko dzanja langa limakhala pamkono wake kaya alire ndekha mpaka mawu kusasa. Kumtsinje wa Shire ndiye safikako, ng'ona sizidziwa kuti uyu ndi Abiti Ndekha. Chithunzi cha kunyanja chili chimodzi, anajambula msuweni wanga, iye akukoka kupita kumadzi ine ndikukoka kubwerera kumtunda, kumbuyo kuli matchanja a usipa, tonse awiri nkhope zokwiya. Timafanana kwambiri pamenepo.

China chomwe ndimachikonda ndi cha ku sikelo. Ana a kuno amalandira katemera wa malungo, boma lathu lino lili m'gulu la maboma omwe anayambira mu 2019 pomwe Malawi anakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemerayu, amabaya pa miyezi 5, 6, 7 kenako womaliza pa miyezi 22. Tsiku la womalizayo mu Juni 2024 kukuzizira mwera ukuwomba, anakana kuberekedwa, anatsika pakabaza n'kulanda kabuku kake ka kuchipatala kukakumbatira pachifuwa ndi manja awiri, kuyenda yekha mpaka pamzere. Ndinamujambula chakumbuyo, kajuzi kofiira, kabuku kakutuluka m'mbali. Atafika kwa alangizi a zaumoyo anapereka yekha ngati munthu wamkulu wodzalipira msonkho. Jakisoni atalowa ndiye ufulu wodzilamulira unathera pomwepo, mamaaa, kubwerera kumsana mpaka kunyumba. Chimenecho sindinajambule, manja anali ndi ntchito.

Chaka chino wayamba zina. Tsiku lina akumanga nyumba ya zitsekerero za mabotolo ndinagwada monga mwa masiku onse, anadzutsa mutu n'kuika kadzanja kutsogolo, mama osajambula. Ndinaseka n'kujambulabe. Anasiya zitsekerero zija n'kulowa m'nyumba osalira, kungochoka basi. Ndinachita manyazi ngati ndanyozedwa ndi munthu wamkulu. Ndinkamuphunzitsa kuti thupi ndi lake, munthu akamugwira iye asakufuna azikana, ndiye ine ndemwe n'kukhala woyamba kusamva akakana. Ndinachifufuta iye akuona. Pano ndimafunsa, ndijambule? Pena amati eee, pena ayi, pena amati dikirani n'kukavala kaye tinsapato tapinki. Bambo ake anadandaula kuti zithunzi zachepa, ndinati kadandauleni kwa mwini wake. Ndipo akalola amafuna aone, ndione ndione, kenako foni osabweza. Mwezi watha ndinapeza zithunzi 43 za nkhuku imodzi, zambiri mchira wokha, zina za denga, china cha mapazi a anganga ali pamkeka wopempherera, ndi china changa ndikupalasa moto ndatupitsa masaya tsitsi lili nyankhalala. Ndinafuna kufufuta koma ndinakumbuka alamu aja ndiye ndinachisiya.

Zomwe zandipangitsa kulemba zonsezi zachitika dzulo. Kwa masabata atatu wakhala akulimbana ndi kubereka chidole chake, chidole cha mkono umodzi chomwe chinabwera m'belo palibe anachigula. Ali ndi kansalu komwe anganga anamudulira ku chitenje chakale. Amawerama bwinobwino mmene amaonera azimayi, kuika chidole pamsana, kuponya kansalu, koma akati aweramuke kuti amange pachifuwa chidole phii pansi. Tsiku lililonse mapeto ake amabwera kwa ine kapena kwa anganga ali ndwii kuti timumangire, osalankhula, kungotembenuka kupereka msana. Dzulo magetsi anazima kuyambira mmawa, ine ndabwera kumsika nditatopa foni itazima kalekale, ndinamupeza pabwalo ali pantchito yake yomweyo. Kugwa koyamba, kutola, kupukuta chidole kumaso. Kachiwiri. Kachitatu milomo inayamba kunjenjemera ndipo ine manja anali atanyamuka kale, ndinali nditaponya phazi limodzi. Ndiye ndinapisa m'chikwama n'kutulutsa foni yakufayo, kugwada pafumbi, kuigwira ndi manja awiri kuloza kwa iye sikirini ili bii ndikudziona nkhope yanga. Amayi ali pakhonde akusankha mpunga anandiyang'ana, akudziwa bwinobwino kuti yazima chifukwa ndinali nditangodandaula kumene, sananene kanthu.

Kachinayi sanaweramuke msanga. Anakhalabe chiweramire n'kukoka nsonga ziwiri zija mpaka pachifuwa, kuzipingasa, kupotokola kawiri lilime lili panja, kenako kulowetsa mkati mmene amachitira anganga, ndiye n'kuweramuka pang'onopang'ono ngati wasenza mazira. Chidole chinakhala. Chopendekeka mutu uli m'khwapa koma chinakhala. Anadumphadumpha katatu kuchisisitira mmene timachitira mwana akamalira, kenako anathamangira kwa ine, ndione ndione. Ndinati batire yatha mama. Anaiyang'ana foniyo, anaidina ndi chala, anandiyang'ana ine ngati munthu wopanda nzeru, n'kutembenuka ulendo kukaonetsa nkhuku. Magetsi anayaka cha m'ma 9 usiku iye atagona kale chidole chili pambali, ndiye bambo ake ndinangowajambulira voisi noti ya mphindi zinayi kufotokoza kuyambira kugwa koyamba, iwo anayankha kuti mawa mumuuze abwerezenso mujambule. Ndamuuza mmawa uno, wati ayi, lero mwana wake akudwala sakufuna kuberekedwa.